Mwandida ndi Ndulu ya Gonamwala

Padangokhala mudzi wina wa alenje m'tsinde mwa phiri la Dzalamiyala, kale kwambiri nyama zikadachuluka kuposa anthu. Alenje a m'mudzimo sadali anthu a malamulo ambiri, koma limodzi ankalisunga: mwala wakuda wa pampata wa phirilo sanolerapo mpeni. Ukhoza kukhalapo, ukhoza kuyanikapo nsalu, koma chitsulo chisaukhudze.

M'mudzimo mudali mlenje wakale dzina lake Gwirize, amene adachita khungu njoka itamulavulira m'maso. Adali ndi ana awiri. Wamkulu adali Ndawala, mnyamata wodziwa uta, amene mudzi wonse unkamutchula ukafuna kunyadira. Wamng'ono adali mtsikana, Mwandida, ndipo ntchito yake ku uzimba idali imodzi: kugwira mwendo wa nyama amuna akamasenda. Zaka ndi zaka adagwira miyendo ya agwape ndi anguluwe, maso ali pa manja a osenda, ndipo palibe adaganizapo zomubwereka mpeni.

Ndawala adali ndi mpeni umene ankaukonda kuposa dzina lake. Udali wautali ngati mkono, wakuthwa uku ndi uku, wonyezimira, chogwirira chake cha mnyanga wa njovu. Bambo ake ataupapasa tsiku loyamba adangoti, "Uwu ngovinira, mwana wanga, si wosendera." Ndawala adaseka. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma mnyamata wotamandidwa mungamuuze chiyani?

Tsiku lina Ndawala adalasa mphalapala pampata pomwe paja. Adayamba kusenda, Mwandida atagwira mwendo. Asadafike n'komwe pakhosi, pamene chikopa chimakhala chochindikala, mpeni uja udabuntha. Mwala wonolera adali atauiwala kunyumba, dzuwa lidali pamutu, ndipo ntchentche zidali zitayamba kuitanizana.

"Achimwene, ndithamange ndikatenge mwala kumudzi," adatero Mwandida.

"Dzuwa limeneli nyama idikira iwe? Gwira mwendo basi."

Adapita pamwala wakuda uja. Adanola kamodzi, kawiri. Kachitatu mwala udatsegula diso. Sudali mwala ayi, idali mphumi ya Gonamwala, chimphona cha mitu isanu chimene chinkagona pansi pa mpatawo. Nthaka idang'ambika, mitu idatuluka umodziumodzi, ndipo mutu waukulu udameza Ndawala wamphumphu, n'kulavula mpeni wake ngati njere. Wachiwiri udameza mphalapala. Kenaka chimphona chidatola mpeniwo n'kulowa m'phiri, thanthwe n'kutsekeka pambuyo pake, Mwandida n'kutsala ndi chiboda chokha m'manja.

Kumudzi amuna atamva adangowerama. Ena adakumbuka kuti mauta awo ngothyoka, ena msana udawagwira pomwepo. Gwirize adati, "Wapita ameneyo. Amuna asanu adalowapo m'phirimo ndili mwana, palibe adabwerako."

M'mawa mwake Mwandida adamanga nsalu m'chiuno. Bambo ake adamva mapazi ake pakhomo.

"Mwandida, ndataya mmodzi. Usandisiye wopanda mwana."

"Ababa, ndidali pomwepo, ndipo ndidangogwira mwendo. Sindingakhale."

Pampata adapeza Muimba wokalamba, mbalame yodya zakufa, wa khosi lothothoka, atakhala pamtengo wouma.

"Mwana iwe, nthungo yako ili kuti?" adafunsa Muimba.

"Ndilibe, agogo."

"Ndiye mwina uli ndi nzeru. Tamvera. Gonamwala adadulidwapo mitu kasanu, ine ndikuona. Mitu imaphukanso, chifukwa moyo wake suli m'mutu, uli m'ndulu. Amuna aja ankati akamugwetsa, n'kuzika malupanga awo m'mimba kuti atulutse abale awo. Nsonga inkaboola ndulu, madzi ake n'kupha onse a m'kati, mabala n'kupola, iye n'kudzuka n'kuwameza nawonso. Ndulu ikachoka yamphumphu, wafa. Koma munthu wodziwa kutumbula sadabwerepo, kumangobwera odziwa kubaya."

"Nanga achimwene ali moyo?"

"Womezedwa wamphumphu amakhala masiku asanu ndi awiri. Limodzi lapita. Ine ndikulowetsa, koma ukamupha, nyama yake njanga. Ndaidikira mpaka khosi kuthothoka."

Muimba adazula nthenga n'kuiika pamutu pa Mwandida, ndipo pomwepo mtsikana adasanduka buluzi. "Mng'alu uli apo," adatero Muimba. "Koma udziwiretu: nthenga imeneyi njolowera. Yotulukira ndilibe."

Buluzi adakwawa mumng'alu wopapatiza mpaka adatulukira mbali inayo, nthenga n'kugwa, Mwandida n'kukhalanso munthu. Adatembenuka kuti aone polowera paja, koma ngakhale chala sichikadalowamo. Adali m'bwalo lalikulu lozingidwa ndi matanthwe osalala, aatali moti thambo linkaoneka laling'ono ngati lichero. Pansi padali mafupa okhaokha. Mantha adamugwira, ndipo adalakalaka atamvera bambo ake.

Gonamwala adali gone pakati pa bwalo. Mitu inayi inkatsokomola ndi kulavula ubweya. Wachisanu, waung'ono pa yonse, sunkagona konse, ndipo ndiwo udamuona.

"Ndiwo zabwera zokha," udatero mutu waung'ono.

"Ndabwera kudzafuna ntchito," adayankha Mwandida. "Ndamva kuti mafumu ngati inu mumadya nyama ndi ubweya womwe, ndi ndowe zomwe. Ine ndimasenda ndi kutumbula."

Mitu idayamba kukangana. Amati mutu umodzi susenza denga, koma isanu imangolimbirana mzati. Potsiriza mutu waukulu, umene pakhosi pake padali patatupa ndi ubweya wa nyama, udalamula: "Nyama zisanu pa tsiku, mutu uliwonse yake. Mipeni ili apo, sankha umodzi, ndipo susinthanso. Tsiku limene udzakanike kumaliza dzuwa lisanapendeke, tidzakugawana."

Pakona ya bwalo padali mulu wa zitsulo za anthu onse amene chimphona chidawameza. Mwandida atayandikira, zitsulo zidayamba kuyankhula.

"Tenga ine," lidatero lupanga lalitali. "Ndidadula mitu itatu ya Gonamwala."

"Ndipo mwini wako ali kuti?" adafunsa Mwandida. Adalipitirira.

"Tenga ine," chidatero chikwanje. "Ndimaswa fupa kamodzi n'kamodzi." Mwandida adachinyamula, n'kuona kuti pofika nyama yachitatu dzanja likadakhala litafa. Adachibweza.

Pamwamba pa mulu padali mpeni wa Ndawala, ukunyezimirabe. "Mlongo wanga," udatero ndi mawu enieni a Ndawala, "sunganditaye ine." Mwandida adautola, misozi n'kutsika. Chogwirira chidali chikadali ndi fungo la dzanja la mchimwene wake. Chibale ndi fupa sichiola, ndipo mtima wake udati utenge umenewu. Koma adapaka dzanja lake mafuta a nyama yotsala pansi, n'kugwiranso mnyanga uja, ndipo mpeni udaterereka n'kugwa. Adausiya pomwepo, ngakhale kuti zidamupweteka ngati akusiya munthu.

Kenaka adakhala pansi n'kuyamba kusankha monga ankamvera bambo ake akuphunzitsa Ndawala, iye ali kumbuyo osawerengedwa. Wakuthwa uku ndi uku adautaya, chifukwa ulibe msana woyikapo chala. Wotalika kupitirira chikhatho adautaya, chifukwa nsonga yake imafika kumene maso safika. Wopinda adautaya, chifukwa magazi ndi mafuta zimalowa polumikizira, ndipo tsiku lina umadzitsekera pa zala za mwini wake. Wina chitsulo chake chidangolowa pang'ono m'chogwirira, ndipo atagwedeza udalira ngati dzino logwedera. Otsalawo adawagogoda ndi fupa mmodzimmodzi, khutu lili pafupi. Chitsulo chofewa chimangoti phu, cholimba chimalira nthawi.

Udatsala umodzi. Udali wadzimbiri, wautali ngati chikhatho chake, wa msana wochindikala, wa mimba yokhota bwino, chitsulo chake chodutsa m'chogwirira mpaka kumapeto. Koma ngakhale umenewo sudali wangwiro: nsonga yake idali yoloza m'mwamba ngati ya munga, ndipo mtengo wa chogwirira udali utang'aluka.

"Ine sindilonjeza kanthu," udatero mpeniwo. "Ndidali wa mayi wina wofufuta zikopa."

"Zikwanira," adatero Mwandida.

Mitu idaseka mpaka matanthwe adayankha, kupatula waung'ono uja, umene udangomuyang'ana.

Ntchito idayamba. M'mawa uliwonse Gonamwala ankakankha thanthwe, n'kutuluka, n'kutsekanso, n'kubwera ndi nyama zisanu. Mwandida ankasenda yekha, wopanda womugwirira mwendo, akuponda ndi phazi. Ankaboola pang'ono m'munsi mwa chifuwa, n'kulowetsa zala ziwiri, n'kugoneka mpeni pakati pake kukamwa kwake kuli m'mwamba, n'kumatsika nawo pang'onopang'ono, zala zikukankhira matumbo pansi. Chimphona chikatuluka, iye ankakhala ndi kamwala kakang'ono akupala nsonga ya mpeni uja kuti iwerame. Chogwirira adachikulunga ndi kachingwe ka chikopa chachiwisi, chimene chitauma chidagwira ngati chidamera pomwepo.

Adayesapo kukwera thanthwe, zikhadabo n'kuthyoka. Adayesapo kukumba pansi, n'kupeza mwala. Madzi ankamwa a m'kachithaphwi kamodzi kobiriwira. Koma chomusautsa kuposa zonsezi chidali masana, chimphona chikakhuta n'kugona chagada. Pamenepo ankamva kutsokomola kuchokera m'mimba muja, ndipo kudali kutsokomola kwa Ndawala. Tsiku lachitatu kudali kwamphamvu. Lachisanu ankachita kutchera khutu. Lachisanu ndi chimodzi adakumva kamodzi kokha. Ndipo nthawi zonse mutu waung'ono udali maso, moti sakadayandikira ngakhale phazi limodzi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku onsewo Mwandida ankasunga mafuta onse a nyama, a m'matumbo ndi a pa impso, n'kumawakuta mu nyama ya mutu uliwonse. Mitu inkanyambita milomo n'kumutamanda. Tsiku lachisanu ndi chiwiri, lomaliza la Ndawala, Gonamwala adabwera ndi nyama zake zisanu koma sadathe kudya. Mafuta adali atamutupitsa ndulu, ndipo ankabuula atagwira pansi pa nthiti za kumanja.

"Kwathu matenda amenewa timatema mphini," adatero Mwandida. "Timacheka pang'ono pakhungu n'kupakapo mankhwala."

"Tema msanga," udabuula mutu waukulu.

"Ndi mpeni?" udafunsa mutu waung'ono.

"Kampeni kamene tidakaseka kaja? Iwe yang'anira, ife tigone." Ndipo mitu inayi idatseka maso.

Mwandida adakwera pamimba. Mutu waung'ono udatsitsa khosi mpaka mpweya wake unkamuomba pankhope.

"Agogo, otemedwa mphini amacheza kuti asamve kuwawa," adatero Mwandida. "Ndagi."

Mutu uja udali wodzimva wochenjera kuposa anzake onse, ndipo chiyambire palibe adauponyerapo ndagi. "Gize," udayankha.

"Kathumba kanga n'kakang'ono, koma kakang'ambika mudzi wonse ugona ndi njala."

"Thumba la mbewu."

"Ayi."

"La mchere."

"Ayi. Mwalephera, ndipatseni ng'ombe ndikuuzeni."

"Sindinalephere. Dikira." Mutu udatsinzina kuti uganize bwino.

Mwandida adaboola m'munsi mwa chifuwa. Chopweteka ndi mpeni wobuntha; wakuthwa umadutsa mwini thupi asanadziwe. Adalowetsa zala ziwiri, n'kugoneka mpeni kukamwa kuli m'mwamba, n'kutsika nawo. Nsonga yowerama ija idayenda pamwamba pa zam'kati osakanda kanthu. Atatsegula potha kulowa munthu, adapuma mpweya wambiri n'kulowa.

M'katimo mudali mdima, kutentha, ndi fungo lotseka pakhosi. Zonse zinkamupanikiza, zinkaterera, zinkagunda. Dzanja lidali mafuta okhaokha, koma chikopa cha pachogwirira sichidamutaye. Adapapasa mpaka adapeza chifu, n'kumva bondo la munthu kuseri kwake. Adacheka chimodzimodzi, zala patsogolo, mpeni pambuyo, ndipo Ndawala adagwera pa iye, wofooka ngati mwana wobadwa kumene.

"Ndani?" adanong'ona Ndawala.

"Ndine, achimwene. Musagwedezeke. Pamwamba panupa pali ndulu."

Idali lende pansi pa chiwindi, yaikulu ngati mtsuko, yotupa moti chikhadabo chokha chikadaiphulitsa. Mwandida adayamba kuilekanitsa ndi chiwindi pang'onopang'ono, chala chili pamsana pa mpeni. Idatsala yolendewera pa kamtsempha kake kokha. Apa mpamene mlenje amamanga ndi kachingwe asanadule, koma kachingwe kake konse kadali pa chogwirira.

Kunja kudamveka mawu achimwemwe. "Ndapeza. Ndi ndulu." Pomwepo mutu waung'ono udazindikira chimene Mwandida ankachita. Kenaka mitu isanu idakuwa pamodzi.

Chimphona chidayamba kudzuka, ndipo bala lija lidayamba kupola, kuwala kwa kunja kukucheperachepera. Mwandida adatsina kamtsempha kaja ndi zala ziwiri za dzanja lamanzere, n'kudula pamwamba pake. Ndulu idagwera pachifuwa pake yamphumphu. Madontho a pakamwa pa mtsempha adanyowetsa zala zija, ndipo zidayamba kupsa ngati waziika pamakala. Akadangomasula pang'ono, Ndawala akadafera pomwepo. Sadamasule.

Gonamwala adagwa, ndipo kugwa kwake kudagumula thanthwe la pakhomo. Koma chimene Muimba sadachidziwe n'chakuti chimphona chikafa chimabwerera kumwala. Mwandida adamva nthiti zikuuma, mnofu ukuzizira ndi kulimba, ndipo potulukira paja pankatsekeka monga mlomo. Adapingasa mpeni pakati pa bala. Miyala idaupanikiza uku ndi uku, mpeni udalira, koma msana wake wochindikala udakana kupindika.

"Kwawani, achimwene."

"Sindingathe. Tuluka iwe."

"Zala zanga zikupsa chifukwa cha inu. Kwawani."

Adamukankha ndi phewa, ndi mutu, ndi bondo, mpaka Ndawala adagwera kunja. Iye adatsatira chafufumimba, ndulu ataikumbatira, mwala ukumusupula msana. Phazi lake litangotuluka, mpeni udathyoka, ndipo mwala udatsekeka osasiya ngakhale mzere.

Mwandida adayenda mpaka pa dzenje louma la pakati pa miyala, kutali ndi madzi, n'kuikamo ndulu. Pofuna kumasula zala, zidakana. Zidali zitada ndi kuuma ngati nkhuni, ndipo zidathothoka n'kutsalira pa mtsempha, zikutsinabe. Adakwirira zonse pamodzi.

Muimba adatera pa mtembo uja n'kujompha, mlomo n'kubwerera. "Zaka zonsezi ndimadikira mwala," adadandaula. Mwandida adamulozera nyama zisanu za tsikulo, zimene chimphona sichidadye, ndipo wokalambayo adaiwala madandaulo.

Mwandida adafika kumudzi dzuwa likadali m'mwamba, atakoloweka Ndawala paphewa. Amayi adalulutira, ng'oma zidatuluka, ndipo amuna a misana yopweteka aja adachira n'kuvina kuposa onse. Adamunyamula Mwandida m'mwamba, ndipo alenje akuluakulu adayala mauta awo pansi kuti adutsepo.

Gwirize adali atakhala pakhonde. Adapapasa nkhope ya Ndawala kuyambira pamphumi mpaka pachibwano. Kenaka adatambasula manja kufuna mwana wake wamkazi. Mwandida adapereka dzanja lamanja, lamanzere ataliika kumbuyo.

"Linalo," adatero bamboyo.

Adalipereka. Gwirize adayendetsa zala zake pa chala chachikulu, n'kupeza palibe. Pa chamkombaphala, palibe. Dzanjalo adaligwira ndi manja awiri. Adali mlenje, ndipo adadziwa chimene zala ziwiri zimenezo zimagwira.

"Udalibe chomangira," adatero.

"Ndidalibe, ababa."

"Ndulu idadontha?"

"Pa ine pokha."

Ng'oma zidapitirira kulira pabwalo, koma wokalambayo adaika dzanja lija pankhope pake n'kulira mokweza, anthu onse akuona.

Yanga yathera pamenepa. Wambatata pamoto akaphule, isanapserere.